Diresi Lija Lili kwa Telala

Akulu anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusakako. Kuno ku Sinda ana ali bwino, koma ine bondo likadali lotupa.

Ndinalimbikira kuonda monga munanenera, kuti diresi munatumiza lija lindikwane paukwati wa mwana wanu. Ndinasiya kudya masana. M'mawa uliwonse ndinkathamanga mpaka kudambo, kenako n'kukapalira mtedza mpaka dzuwa kupendeka. Alamu anu anandiuza kuti, "Mayi, ngakhale ng'ombe timazimasula pagoli kuti zidye." Sindinawamvere. Sabata yachitatu ndinagwa m'munda, anachita kundinyamula pangolo. Ndagona mwezi wathunthu, mtedza walowa thengo, ndipo ndanenepa kuposa kale.

Choncho musandiimbirenso foni pa nkhani ya thupi langa. Diresilo ndapereka kwa telala kuti alikulitse. Kuukwatiko ndibwera mmene ndililimu, ndipo ndidzavina kutsogolo. Ngati mukufuna kutumiza kanthu, tumizani mankhwala opaka bondo.

Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana.

Ndine mng'ono wanu,
Misozi