Masipuling'i a Bwana ndi Sikelo ya Masamba

Lolemba, 5 Malichi 1956

Mvula kuyambira m'mawa. Mustafa, dalaivala wa esiteti, wafika ndi lole kuchokera ku siteshoni ya Luchenza, kabokosi ali nako pamiyendo ngati khanda. Masipuling'i a mavalavu a injini aja abwera, ochokera ku Mangalande. Mitundu iwiri. Ena amodziamodzi, olimbirapo kuposa akale. Ena apawiri, kakang'ono m'kati mwa yaikulu.

Mzungu amene timawatchula Bwana Chimphepo, achiwiri kwa manijala wa esiteti yathu ya tiyi, akufuna kagalimoto kawo kofiira kakapambane pa mpikisano wa azungu wokwera phiri pa Pasaka. Chaka chatha kanawachititsa manyazi. Akaponda moto kwambiri injini imatsamwa, chifukwa masipuling'i atopa, sabweza mavalavu msanga.

Akuti ndisankhe ndekha oti tiike. "Galaja ndi yako, Wyson." Mawu otere sindinawamvepo kwa mzungu, ngakhale ku Keyala, ku usilikali, kumene ndinaphunzirira kugwira sipanala. Ndakondwa, sindibisa.

Kusankhako sikophweka. Ofewa, valavu ichedwa, igundana ndi pisitoni, injini yatha. Olimba kwambiri, adya kamu yomwe imawakankha. Ofunika ndi apakatikati.

Lachitatu, 7 Malichi

Ine zolembedwa pa bokosi sindizikhulupirira ndisanaone ndi maso anga. Choyezera masipuling'i pagalaja palibe. Ndabwereka sikelo yokoloweka ija yoyezera masamba a tiyi kwa Filipo, mlamu wanga, kalaliki wa pashedi. Wandipatsa ataweruka, koma monyinyirika. Munthu ameneyu ngakhale singano yosokera amabwereketsa ngati akupereka mwana.

Ndaboola chitsulo, ndalowetsa bawuti pakati pa sipuling'i, n'kukoka ndi sikelo mpaka ifupike monga imakhalira mu injini. Bokosi likuti amodziamodzi aja ndi mapaundi 60, mlingo womwe injiniyi ikufuna. Sikelo ikuti 54. Onse asanu ndi atatu chimodzimodzi.

Ndapsa mtima. Kuwoloka nyanja yonse ija kudzatigulitsa zofooka! Ndiye kuti ndiika apawiri, kamu ipirire basi.

Lachinayi, 8 Malichi

Mtima sunakhazikike. Masipuling'i oipa safanana kuipa kwake, ena amaperewera pang'ono, ena kwambiri. Awa aperewera mofanana ngati anapangana.

Ku Keyala anatiphunzitsa kuti galoni ya madzi ndi mapaundi khumi. Ndadzaza debe la magaloni anayi, ndakoloweka pa sikelo ya Filipo. Singano sinafike n'komwe pa 40, pamodzi ndi debe lomwe.

Masipuling'i alibe mlandu.

Ndakhala pa tayala. Pa ngowe yomweyo ndi pamene Emelda, mkazi wanga, amakoloweka dengu lake tsiku lililonse. Amachoka kunyumba kusanache, amabwera chitenje chili chonyowa, zala zitang'ambika. Iye ndi amayi onse a m'malaini muno, m'nyumba za antchito. Pa madengu khumi alionse, limodzi amathyolera mphepo.

Lamulungu, 11 Malichi

Potuluka m'tchalitchi ndamukokera Filipo kuseri kwa mtengo wa mango, n'kumuuza za sikelo. Sanadabwe. Chimene chandipweteka n'chimenecho.

"Alamu, sikeloyo ndinaipeza choncho. Ine ndimangolemba pamene singano yaloza." Ndamufunsa ngati dengu la mlongo wake amalilembanso choncho. Wayang'ana nsapato zake. Kenaka akuti, "Musandiphetse, alamu. Ana anga mukuwadziwa."

Wamantha, koma sindingamuimbe mlandu. Nyumba yake ndi ya esiteti. Yanganso ndi ya esiteti. Makolo athu anawoloka mtsinje wa Muloza, pa malire, ndi mphasa yokha, malo athuathu tilibe. Akatichotsa pano tikalowera kuti?

Emelda sindinamuuze. Pakamwa pake mpoyera, sasunga kanthu. Akadziwa iye, malaini onse adziwa, ndipo kuofesi sadzavutika kupeza amene anabwereka sikelo.

Lachiwiri, 13 Malichi

Mutu wa injini uli pa benchi, ukudikira ine. Mavalavu ndapera, akhala bwino.

Njira ziwiri. Ndiike apawiri, ndinene kuti enawo anali ofooka, nkhani ithere pomwepo, kamu idzadyeka miyezi ikubwerayi. Kapena ndiike oyenera, Bwana akafunsa ndinene zonse.

Ndikuganiza kuti Bwana sakudziwa za sikeloyi. Munthu amene amalowa nane pansi pa galimoto, girizi mpaka m'zigongono, kundigawira fodya wake. Mwana wathu Joice atadwala malungo anamutengera okha kuchipatala. Sikelo imakalamba ngati chitsulo china chilichonse, m'kati mwake mulinso sipuling'i. Mwina yangowonongeka, palibe anaiona. Akamva aitanitsa yatsopano. Filipo ndimuteteza, ndinena kuti iye ndiye anayamba kuikayikira.

Ndaika amodziamodzi.

Lachitatu, 14 Malichi

Ndawauza Bwana. Ndinakonza mawu anga bwinobwino, debe lamadzi lili pambali kuti aone okha.

Aseka. Osati kuseka koipa ayi, kuseka kwa pachibale. "Aa, Wyson! Ija ndi ya masamba. Bwanji sunatenge ya m'fakitale? Ija ndiye yolondola." Akuti masamba amabwera onyowa, esiteti singagule mvula.

Koma za mvula kalaliki amachotsa kale ndi pensulo, aliyense akuona. Izi ndinazinena mumtima. Pakamwa panatuluka "Inde, bwana."

Andisisita paphewa. Akuti ndasankha bwino, apawiri akanawononga kamu. Akuti ndili ndi mutu. Andisiyira ndudu ziwiri pa benchi, zikadali pomwepo.

Lachisanu, 16 Malichi

Ndamanga injini. Mvula. Sindinalankhule ndi munthu.

Loweruka, 17 Malichi

Tayesa galimoto pa msewu wopita ku Thuchila. Injini ikuyimba, yosatsamwa ngakhale pang'ono, kukwera mpaka pamwamba mawu ali amodzi. Ntchito yabwino kuposa zonse zimene manja anga agwirapo. Ndinafuna kukondwa. Chimwemwe chinabweradi, kenaka manyazi pambuyo pake.

Emelda anaimva ali m'munda. Akuti amayi onse anaweramuka, iye n'kuwauza kuti, "Amenewo ndi manja a bambo a Joice." Ananena monyadira, akutula dengu pakhomo.

Kenaka anakhala pa khonde, akuyang'ana zikhatho zake. Akuti chaka chino sakufikanso pa mlingo, kapitawo wamuchenjeza kawiri. Akuti amathyola osapuma, osadya, koma pa sikelo n'kuperewerabe. "Kaya ndakalamba, bambo a Joice. Mundikhululukire, sindikukuthandizani mokwanira."

Kupepesa kwa ine. Ine amene ndikudziwa.

Ndayang'ana denga la nyumbayi, malata a esiteti, zitseko za esiteti. Ndaganiza za Filipo ndi ana ake. Ndaganiza za mawu aja, galaja ndi yako. Zonsezi Lolemba zikhoza kukhala za wina.

Ndamuuza kuti akasambe, akabwera akhale pansi, ndili ndi mawu. Wandiyang'ana modabwa, akuganiza kuti ndi za maliro kumudzi. Joice ndamutuma kwa azakhali ake.

Madzi asiya kukhavuka kubafa. Akubwera, ndikumva mapazi ake, ndipo sindikudziwa poyambira, koma za sikelo ija ndimuuza lero.