Fumbi la Kamba

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kumunda? Ine kuno ndinganame nditati ndili bwino. Khalani kaye pansi, muwerenge nokha musanawawerengere amayi.

Paja ndinakuuzani kuti ndimagwira ntchito kwa anthu oyendetsa galimoto yopanda munthu imene ili ku pulaneti ina, alamu n'kuseka mpaka kutsamwa, ati mzime wayamba mabodza a m'tauni. Si bodza. Ndi kagalimoto ka matayala asanu ndi limodzi, kakakulu ngati ngolo, ka mkono umodzi woboolera miyala. Kamayenda m'maenje akuluakulu kufufuza ngati kumeneko kunakhalapo madzi. Tsiku lathunthu kamangoyenda mtunda wa pakhomo panu kukafika pamjigo, n'chifukwa chake tinakatcha Kamba.

Ine sindiyendetsa, musandikweze. Kamba ali ndi mnzake wofanana naye ndendende amene anatsala pansi pano, m'shedi yaikulu yamalata. Oyendetsawo asanalamule wakumwambayo kuchita kanthu, amayamba ayesa pa wa m'shediyu. Ntchito yanga ndi kukonza nthaka yoyeserapo: kusefa mchenga, kuyala miyala, kusalaza.

Chaka chatha Kamba anatsikira m'dzenje lina kutsatira mwala woyera. Pamwamba nthaka inkaoneka yolimba, koma pansi pake linali fumbi lokhalokha. Matayala analowa mpaka mimba kugunda pansi. Akati abwerere m'mbuyo, ankangozamirazamira. Tsono Kamba amadya dzuwa, ndiko amatenga mphamvu, ndipo pamene anatitimirapo dzuwa silifikapo bwino. Nyengo yozizira ya kumeneko inalinso pafupi.

Ndiye oyendetsa aja anatiuza kuti tipange fumbi lofanana ndi la kumeneko, timutitimize wa m'shedi, tipeze njira yomutulutsira. Tinkasakaniza dongo lopera, mchenga ndi ufa wina woyera wa miyala, matumba ndi matumba. Mayi wamkulu wa oyendetsa ankabwera ndi zithunzi, ine n'kumafinya fumbilo m'manja mpaka likhale momwe akufunira. Tsiku lina ananena pamaso pa onse kuti manja anga amaidziwa nthaka ya kumeneko kuposa makompyuta awo. Achemwali, ndinadzimva. Ine amene ndinalekeza sukulu panjira! Kuyambira pamenepo ndinkalowa ndekha m'dzenje loyeseramo, kugwada, kufukula pansi pa matayala ndi manja.

Zotseka pamphuno anatipatsa, zapepala. Koma m'shedimo mumatentha ngati mu uvuni, ndipo ukavala anthu samva zimene ukunena. Ine pofuna kuti andimve, changa ndinkachitsitsira pachibwano. Mnzanga wonyamula matumba anandichenjeza kangapo kuti choyeracho si ufa wophikira nsima. Ndinkamuyankha kuti ine ndinakulira m'fumbi. Zinatero miyezi isanu ndi iwiri. Poweruka ndinkatuluka nditayera mbuu ngati mzukwa, anzanga n'kumaseka, inenso n'kumaseka nawo.

Chifuwa chinayamba pang'onopang'ono, ndinkangoti ndi chimfine. Kenako masitepe a kumene ndimagona anayamba kunditalikira, ndimapumula kawiri ndisanafike pachitseko changa. Mwezi watha ndinagwa ndikukankha wilibala. Kuchipatala anandijambula, adokotala n'kundionetsa mapapo anga ali mawangamawanga. Chifuwa chachikulu anayeza, mulibe. Anati fumbi la miyala linakhazikika mkati ndipo silituluka, mankhwala alipo ongochepetsa kubanika. Ndinawafunsa ngati ndidzachire. Anayamba kukonza mapepala patebulo, ine n'kudziwiratu yankho.

Kamba nayenso sanatuluke. Anasuntha kamtunda ngati chikhatho, kenako tayala lina linafa. Kuzizira kutafika anasiya kuyankha. Miyezi itatu ankamuitana m'mawa uliwonse, kuli zii. Sabata yatha anatisonkhanitsa m'holo kutiuza kuti basi, amusiya. Anthu ophunzira analira misozi yeniyeni, Achemwali. Ine ndinali kumbuyo, ndikutsokomolera m'chipewa kuti ndisasokoneze.

Mayi wamkulu uja anandipeza pakhomo, anandigwira dzanja, ati tinayesetsa. Za chifuwa sanafunse. Mwina sakudziwa. Zinandiwawa, ndipo mpaka pano zikundiwawabe. Fumbi loopsa chotero sanayenere kutipatsira zapepala, zimenezo ndinena ngakhale pamaso pawo. Koma amene ankatsitsira pachibwano ndine ndemwe. Paja wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Tikutuluka m'holomo ndinafunsa mmodzi wa oyendetsa kuti Kamba adzakamutenga liti. Anandiyang'ana modabwa. Anati zomubweza sizinakonzedwepo chiyambire, anamutumiza ulendo wopita wokha. Anatinso kumeneko kulibe mvula yoti n'kumuchititsa dzimbiri, akhala choncho zaka zosawerengeka, mkono uli chotambasula kuloza mwala woyera uja. Iye ankanena ngati zonditonthoza. Ine ndinangoti zikomo, n'kupita kukagula tikiti ya basi tsiku lomwelo. Kuno kulibe amene angadziwe ngati nditasiya kuyankha, kupatula mwini nyumba. Ndikuopa, Achemwali, ndipo sindichita manyazi kukuuzani.

Ndifika Lachisanu la sabata yamawa masana. Katundu ndi wochepa, chikwama chimodzi ndi mankhwala. Chitunda chochokera kumsewu sindingachikwere ndi katundu, alamu akanditengere chikwamacho panjinga.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze amayi ndisanafike. Iwo akudziwa kuti ndikubwera kudzawafolerera nyumba, monga ndinawalonjezera. Akukumbukira mwana amene anathamangira basi atasenza thumba pamutu. Amene akubwerayu buluku amamangira chingwe, ndipo akalankhula mawu asanu amayamba wapuma. Sindikufuna adzazione okha pamsewu anthu akuonerera. Inu mumadziwa kuwayalira nkhani, ndinu munawauza za imfa ya abambo. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani cholemera, mundikhululukire. Musawanamize kuti ndi chimfine. Muwauzenso kuti si chopatsirana, angathe kukhala nane pafupi, ana angathe kudya nane.

Moni kwa alamu, muwauze kuti zithunzi za Kamba ndatenga, adzaone okha kuti mzime sanali kunama. Moni kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Mwana wanu wamkulu uja amene amati akamaliza sukulu adzanditsatira kuno, ndidzacheza naye ndekha.

Kwa amayi musapereke moni. Umenewo ndibwera nawo ndekha. Akhale pakhonde, asatsike kudzandichingamira. Ndikwera chitundacho ndi miyendo yanga, ngakhale chinditengere tsiku lonse.

Ndine mlongo wanu,
Mzime