Nambala ya Pafomu ya Amayi

Chipinda cha odwala aakazi,
Bedi 9,
pa 14 Ogasiti.

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalatayi ndinayamba ndailemba papepala lina kenako n'kukopera, kuti musapezemo choseka. Pafoni sindingathe, mukangoti "fulumira" mawu amandithawa.

Amayi agonekedwanso. Mukukumbukira mu Epulo muja chithunzi chinaonetsa zotupa ziwiri, china kuphapo lakumanzere, china lakumanja. Adokotala anati mwina ndi khansa imodzi imene yafalikira, ndipo ngati ndi choncho opaleshoni singathandize. Anadula tinyama tiwiri n'kuika m'timabotolo kuti akayeze. Pafomu panali mzere wa munthu woti amuimbire zotsatira zikatuluka. Ine ndinali nditagwira kale cholembera, inu n'kunditsomphola. Munati, "Iwe wa kupulayimale ukamva chiyani? Nkhani zotere amauza mwana woyamba." Munalemba nambala yanu, mawa lake n'kukwera basi.

Ndinadikira miyezi inayi. Ndikafunsa munkati, "Achipatala akakhala chete ndiye kuti palibe chatsopano, amayi uziwasamala basi." Ndinkawasambitsa m'mawa, kuwakhazika pakhonde, kenako kuthamangira kuntchito kukasita zovala za anthu.

Lachiwiri lapitali anatsokomola magazi, ndiye ndinabwera nawo. Mayi wa kulabu koyezera magazi ndi tinyama tija, amene odwala amamutcha Mayi Mabotolo, ataona dzina la amayi anagwira pakamwa. "Mwana iwe, munali kuti? Ndinaimba kasanu!" Anandionetsa m'buku. Masiku asanu, nambala yanu, pambali analemba kuti sakuyankha. Envulopu ya zotsatira yakhala m'dirowa kuyambira pa 6 Meyi. Alamu anandiuzapo kuti nambala zachilendo simuyankha, mumati ndi achibale ovutitsa.

Adokotala anandikhazika pampando n'kufotokoza pang'onopang'ono, ndipo ndinamva, achimwene. Ndalemba m'kope. Si khansa imodzi ayi. Ndi ziwiri, iliyonse inayamba payokha. Akaziona pamakina okulitsa zinthu, yakumanzere imaoneka ngati zisa za njuchi, yakumanja ngati tizala tambirimbiri. M'kanyama kalikonse muli malangizo amene amati majini. Yakumanzere majini ake anasokonekera pena, yakumanja penanso. Mu Meyi zonse zinali zazing'ono. Akanazichotsa imodziimodzi.

Amayi atamva anati, "Ndiye kuti ndanyamula mapasa a abambo osiyana? Ukalamba uno?" Anamwino anaseka mpaka kugwira khoma. Ine sindinaseke.

Yakumanzere ikadali yotheka kuchotsa. Yakumanja yakula, yafika pamtsempha waukulu. Akuti ayesa mapiritsi ogwirizana ndi majini akewo, koma ponena zimenezi adokotala ankangoyang'ana pafayilo.

Nanenso ndili ndi mlandu wanga. Popita kuntchito ndimadutsa pageti lachipatala. Kawiri konse ndinalowa, ndinaima pamzere wa pawindo la kulabu. Nditafika kutsogolo ndinachita manyazi. Ndinaganiza kuti andifunsa kuti ndine ndani poti pafomu palibe dzina langa, komanso kuti inu mukwiya kuti ndakudumphani. Ndinangofunsa njira ya kuchimbudzi. Envulopu ija inali kuseri kwa galasi lomwelo, poti ndikanaifikira ndi dzanja.

Amayi sindinawauze za foni. Ndinawanamiza kuti makina ndi amene anachedwetsa. Dzulo ankauza mayi wa bedi 10 kuti mwana wawo wamkulu ndi amene akuyendetsa zonsezi ali kutali. Ine ndinangopitiriza kuwapesa tsitsi.

Opaleshoni ndi Lolemba m'mawa. Fomu yatsopano ndasaina ndekha, ndipo pamzere uja ndalemba nambala yanga. Ndinaiwerenga katatu kuti ndisaphonye. Sindikupempha chilolezo, ndikungokudziwitsani.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti musavutike kubwera, ntchito yanu ndi yaikulu. Amenewo ndi mawu awo, ndalemba monga ananenera.

Lolemba masana foni yanu idzalira. Yanga imazima yokha masiku ano, ndiye mwina ndidzabwereka ya anamwino. Idzakhala nambala yachilendo. Chonde muyankhe.

Ndine mlongo wanu,
wa kupulayimale uja.