Chala Chakumanzere cha a Lawson

Lolemba, 7 Okutobala 1996

Kabuku aka nkakusukulu ya akulu komwe ndinaphunzira kugwira pensulo tsitsi litayera kale. Masamba atsalamo. Ndati ndizilembamo, poti pakhomo pano wolankhula naye ndilibe. A Lawson, amuna anga, chiwagwereni sitiroko nthawi yozizira ija sanatulutse liwu lomveka. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa. Amangoyang'ana.

Lero kunabwera mng'ono wawo, a Sanford, pa njinga. Anakhala pa mpando nkuyang'ana akulu awo nthawi yaitali, kenako nkutembenukira kwa ine.

"Mulamu, mwayesa. Koma apa palibe munthu, yatsala ni thupi chabe. Mwamuna safera ku chikamwini. Tizamutenga, akagone pafupi na amai ake."

Kulankhula ngati mwiniwake wapita kumunda, chonsecho ali pomwepo pa mphasa, ine ndikuwapukuta malovu. Ati akapeza galimoto abwera mvula isanagwe. Kwawo nkutali, kupitirira Kanakantapa, kopanda chipatala. Ine sananditchule. Ndingapite bwanji, munda ndi mbuzi ndisiyire yani, ndi miyendo yangayi?

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndawakankha a Lawson pa wilibala kupita ku chipatala cha mishoni, monga mwa masiku onse a Lachitatu. Dzuwa lake, ayi.

A Sisitere Josephine amawapatsa kampira kuti azifinya ndi dzanja lamanzere lisafe nalo. Iwo amangokasiya kagwe. Lero kanagwa, kanagwanso, a Sisitere anapumira m'mwamba nkuti, "Ba Eneless, tiyeseko vina." Anavundukula nsalu pa kompyuta imene amalembera mayina a mankhwala, nkulowetsamo kachimbale kakuda. Ati ndi sewero, anasiya mnyamata wachizungu amene anathandiza pa chipatalapa chaka chatha. Anapanga yekha ndi mnzake, awiriwiri m'nyumba mwawo, si za m'sitolo.

Pa galasi panatuluka tianthu tiwiri, kena kofiira kena koyera, taima pa mlatho wa mtengo, kalikonse ndi lupanga. Tisanayambe ndewu timaweramirana kaye mwaulemu. Chimenecho ndinachikonda. Kenako zii. Palibe kuthamangathamanga, tingoyandikirana pang'onopang'ono ngati atambala. Malupanga akagundana kumveka ngwe! Wolasidwa kamodzi basi wagwa m'madzi.

A Sisitere anaika chala cha a Lawson pa mabatani. Ili kudula pamwamba, ili kulasa pansi, ili kutchinga, ili kubwerera m'mbuyo. Kofiira ndi kawo, koyera amakayendetsa makina. Kawo kanagwa msangamsanga. Koma maso! Maso aja amangoyang'ana khoma anatsata kanthuko mpaka m'madzi.

Lachinayi, 10 Okutobala

Phala akana. Mbuzi yathyola mpanda. Msana.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndinapempha a Sisitere kuti tizibwera ngakhale si tsiku lathu. Avomera, bola odwala atachepa ndipo malaiti alipo.

A Lawson awina! Kofiira kanalasa koyera pamimba, koyera chubwi. Kunabwera kena ka chipewa chachitali, nako chubwi. A Sisitere anaomba m'manja ngati mwana. Ine kuseka ndi misozi yomwe, manyazi ndinalibe.

Ndilembe bwinobwino chimene ndaona, ndisawonjezere. A Lawson anali katswiri wa nsolo. Pansi pa mtengo wa pa sitolo palibe amene ankawadya. Ankadikira, mnzawo nkumayesa agona, kenako nkukolola zonse. Kudikira komweko ndakuona lero pa mlatho paja. Munthu alimo. Ali mkati ngati munthu wotsekeredwa m'nyumba, koma alimo.

Kanyimbo kake kokha nkosautsa, kamodzimodzi ngati udzudzu m'khutu. Ndabwera nako mpaka kunyumba.

Lamulungu, 13 Okutobala

Potuluka m'tchalitchi ndinamva azimayi kumbuyo kwanga. "Ati mdala ali ku nkhondo manje." Wina nkuti, "Malupanga pa mishoni, ba Sisitere nawonso." Kuseka. Sindinacheuke.

Koma ndaganizapo. Ine ndewu sindiikonda. A Lawson chikwatirane sanandikwezerepo dzanja, nkhuku yomwe ankapha atayang'ana kumbali. Lero ndikukondwera poona akugwetsa anthu m'madzi. Mulungu andikhululukire, si anthu, ndi tizithunzi. Magazi satuluka.

Ndatuma uthenga kwa a Sanford kudzera mwa wa minibasi. Abwere adzaone okha.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Makina anauma pakati pa ndewu. Tianthu tinangoima, lupanga m'mwamba, kanyimbo nkumalira liwu limodzi, tiiii. A Sisitere ati akatentha amatero, ndipo anyamata aja sanamalize kukonza zonse. Anazimitsa, nkuyatsanso, zonse zinayambira poyamba. Sewero silikumbuka kuti a Lawson anafika patali. Tsiku lililonse amawaona ngati mlendo.

Ndaonanso kuti adani aja ndi munthu mmodzi yemweyo, amangosintha chipewa. Mlatho womwewo, madzi omwewo, dzuwa silisuntha. Ukagonjetsa womaliza patuluka mawu achizungu, basi, kubwereranso kwa woyamba. Palibe kwawo kumene kofiirako kamapita. Ndinafunsa a Sisitere kuti kodi akulimbirana chiyani, munda kapena mkazi? Anaseka, ati sanalembe.

A Lawson anakwiya makina atauma. Anamenya tebulo ndi chikhatho. Ndinakondwa ndi mkwiyowo.

Lachinayi, 17 Okutobala



A Sanford anabwera, tinapita tonse ku mishoni. Wilibala anakankha iwowo, ndisawanamizire, anakankha mosamala, pa miyala ankanyamula kutsogolo. A Lawson anasewera, anagwetsa adani onse motsatizana. Ine mtima m'mwamba. Ndinati, mwaona alamu? Wopanda nzeru angachite zimenezi?

Iwo sankayang'ana pa galasi. Ankayang'ana dzanja.

"Mulamu, imwe muona chithunzi. Onani chala. Chili pa batani imozi chabe."

Anachotsa dzanja la akulu awo pang'onopang'ono, nkutenga loko wa pa kabati ya mankhwala, nkumuika pa batani lolasa pansi lija. Nkupinda manja. Kofiira kanayamba kulasa, kulasa, kulasa. Koyera kanabwera kokha nkudzipereka pa lupanga. Chubwi. Ka chipewa chachitali chubwi. Onse mpaka womaliza.

"Loko nayo yawina," anatero a Sanford. Sanaseke. Akanaseka bwenzi ndili ndi powakwiyira. Maso awo anali ofiira.

A Sisitere anayesa okha, nkupeza ndi zoona. Makina sadziwa kutchinga pansi. Ati anyamata aja anaiwala kuwaphunzitsa. Ndinawafunsa pamaso pa onse, nanga a Lawson anachizindikira chimenechi ndi nzeru zawo, kapena chala chimangogwerapo? Anati, "Ba Eneless, sinizakunamizani. Siniziba."

Galimoto ibwera Lolemba.

Lachisanu, 18 Okutobala

Sitinapite.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndachapa malaya awo onse ndi bulangete. Jekete la ku tchalitchi ndalipinda pansi pa chola.

Tsiku lonse ndakhala ndikuwayang'ana chala. Chikagwedezeka pa bondo ndimati akundiuza kanthu. Kenako ndimakumbuka loko. Kapena ndakhala ndikudzinamiza kuyambira kale. Ndikawafunsa ngati akufuna madzi nkuphethira, ndimati ayankha. Nanga munthu saphethira?

Ndinawauza kuti, atate a Virginia, akukutengani mkuja. Ngati simufuna, chitani kanthu. Anayang'ana nkhuku pabwalo.

Ndakwiyira anyamata awiri opanga sewero aja, amene sindinawaonepo. Mukapanga chinthu muzimaliza. Mwandipatsa munthu wanga masiku ochepa nkundilandanso ndi loko wa pa kabati. Komabe ndikanama ndikati ndikanakonda tisanachione. Lachisanu lija ndinaseka, ndinali nditaiwala kuti ndimaseka bwanji.

Lamulungu, 20 Okutobala

Mitambo kummawa. Mbewu sindinasankhe. Ndawameta ndevu, akafike kwawo akuoneka bwino, asakanene kuti mkazi uja ankawasunga ngati chinthu.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo, ndisadumphe.

A Sanford anafika dzuwa litakwera, ndi vaneti ya mnzawo wonyamula tomato. Tinayala matiresi kumbuyo, a Lawson tinawakweza. Ine ndinakwera nawo kuti ndikatsikire pa mishoni, poti kunali kotenga mankhwala a ulendo.

A Sisitere akuwerengera a Sanford za mapiritsi, a Lawson tinawatsitsa nkuwakhazika pa mpando wa pa kompyuta. Anatambasula dzanja nkukoka nsalu ya pa kompyuta, inagwa pansi. A Sanford anati, "Asiyeni asewereko komaliza." Woyendetsa anali kuliza hutala panja.

A Sisitere poyatsa anati sewerolo limalola anthu awiri, wina mbali iyi ya mabatani wina mbali iyo, makina nkukhala pambali. Sanatiuze kale poti ine ndinkaopa kukhudza. Anati, "Khalani apa ba Eneless, mulayirane nawo." Ndinakhala. Koyera kanali kanga.

Tinaweramirana.

Ine mabatani sindiwadziwa. Kanga kanangodumphadumpha, kudula mphepo, nkupita kokha kutsogolo mpaka pamphuno pa kofiira. Ndinatseka maso kudikira chubwi. Sanamveke. Potsegula ndinaona chala chawo chili m'mwamba, pamwamba pa batani lija, osatsika.

Ndinati mwina atopa. A Sanford anati, "Yafooka dzanja."

Kanga kanayandikiranso. Chala chinasuntha, chinapita pambali, chinafunafuna, nkutsika pa batani lina. Kofiira kanabwerera m'mbuyo. Ine kutsogolo, iwo m'mbuyo. Ine kutsogolo, iwo m'mbuyo, mpaka kumapeto kwa mlatho, chidendene pa madzi. M'chipinda monse zii, kanyimbo kokha.

Kenako dzanja lawo linawoloka mabatani onse, linagwira chala changa, linachikoka nkuchiika pa batani langa lolasa pansi, nkukanikiza. Kofiira chubwi. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera m'mwamba, nkutuluka kaphokoso kaja ankachita akadya munthu pa nsolo, he.



A Sanford anati, "Nyamukani mulamu." Anakhala pamalo panga, nkukoka mpando, nkuika zala zawo bwinobwino. Tianthu tinaweramirana. Asanadzutse nkomwe mutu wa kawo, chubwi. Anayambanso. Chubwi. Kachitatu a Sanford anayesa kulasa pansi nawonso, a Lawson anabwerera kamodzi, lupanga linapita pachabe, nkuwalasa. He.

"Ah! Imwe mdala, mukazi wanu mumulekelela, ine mung'ono wanu munipaya?"

Hutala inaliranso panja. Palibe anatuluka. A Sanford anavula chipewa nkuchiika pa bondo. Anatembenuza mpando, kusiya galasi, kuyang'anana ndi akulu awo maso ndi maso. Chiyambire matendawa ndinali ndisanawaone akutero.

"Akulu," anatero. "Ni ine Sanford. Nabwera na motoka. Manje niuzeni imwe, tiyende olo mukhala?"

Dzanja la a Lawson linachoka pa mabatani, linatsika, linagwira nsonga ya chitenje changa nkuikulunga pa chala.

A Sanford anayang'ana chalacho kanthawi. Kenako anadzuka nkupita pakhomo, ndinawamva akuuza woyendetsa kuti atsitse matiresi.