Mankhwala a M'mbale

Lachiwiri

Achemwali 09:12
mzime uli mu class? ndili kuchipatala ndi adadi. a nurse akuti ku chemo sanapondeko chichokere iwe ku holide

Mzime 09:31
ndinali mu lab sorry. sanapondeko bwanji, si amapita okha?

Achemwali 09:32
amavala jekete, kunyamula khadi, nkukakhala kwa telala mnzawo uja mpaka madzulo. ife kumawayalira pogona kuti atopa ndi mankhwala, osadziwa kuti atopa ndi macheza

Achemwali 09:33
scan yatuluka. khansa ija yachoka m'matumbo yafika kuchiwindi

Mzime 09:33
ayi achemwali ayi

Mzime 09:34
chfkw chani? akuti chani iwowo?

Achemwali 10:05
🎤 uthenga wa mawu 0:21
Ndawafunsa pamaso pa adokotala. Akuti chemo imandithyola mafupa, ndivutikirenji pamene mwana wanga wapeza kale mankhwala kusukulu kwake. Akuti akudikira iweyo. Andionetsa mpaka chithunzi.

Achemwali 10:06
↪ watumizidwanso
📷 "Adadi onani!! ma cell a khansa afa onse, mankhwala athu agwira 💃"

Achemwali 10:06
si iwe unalemba izi?

Achemwali 10:40
mzime

Mzime 11:18
ndi ine. koma achemwali ameneja anali ma cell a m'mbale. kambale ka pulasitiki kukula ngati chotsekera botolo. ndi project yanga ya final year, timadonthezera mankhwala nkuwerenga ma cell amene afa

Mzime 11:19
m'mbale ngakhale sopo amapha khansa. pakatha apo pali kuyesa pa mbewa, kenako ma trial pa anthu, zaka ndi zaka. ambiri amathera panjira

Achemwali 11:20
ndiye zonsezi unawauza?

Mzime 11:27
anali akusanza sabata yonse. ndimangofuna aseke

Achemwali 11:28
anasekadi. telala, ometa, onse pamsika akudziwa kuti kwathu kuli adokotala

Lachitatu

Achemwali 08:03
ndakulankhula moipa dzulo, pepa. tamva. ungotapako mankhwalawo pang'ono mu lab mwakomo, olo kadontho. palibe angadziwe

Mzime 08:15
sindingathe

Achemwali 08:15
ukuopa a lecturer? adadi akutha iwe

Mzime 08:22
sindikuopa munthu. sanalowepo m'thupi la chamoyo chilichonse. dose sitikuidziwa. akhoza kuwawononga impso tsiku lomwelo, ine nkukhala amene ndawapha

Achemwali 08:24
nanga zina umatiuza zija? zoti chitetezo cha m'thupi chizilimbana nayo chokha?

Mzime 08:30
immunotherapy. ilipo, koma si khansa iliyonse imamva. ndafunsa a supervisor, akuti pamene yafikapa tiyambe tamvera adokotala awo. akuti chani?

Achemwali 09:47
akuti thupi lafooka, chemo singathekenso. angowapatsa opha ululu tibwerere nawo kunyumba

Achemwali 09:48
ndikuvaya ku pharmacy. akufunsa kuti ubwera nawo liti mankhwalawo. uwauze wekha plz

Mzime 13:02
📞 mwaimbira Adadi, sanayankhe

Mzime 13:10
📞 mwaimbira Adadi, sanayankhe

Mzime 13:26
Adadi ndi ine. Mankhwala aja si omwa. Sanafike poti munthu nkumwa, mwina sadzafika nkomwe. Ndinalemba mopupuluma osakufotokozerani. Munasiya chithandizo chifukwa cha ine. Ndikhululukireni.

Mzime 15:40
achemwali, adadi awerenga. ma tick asintha. akutani?

Achemwali 15:44
agona choyang'ana kukhoma. foni ili m'manja. madzi akana

Mzime 15:45
ndikwera mawa. presentation ya Lachisanu ndaisiya, sindingaime pamaso pa anthu ndi ma slide amenewaja

Lachinayi

Adadi 07:51
Adokotala anga mwadzuka bwanji. Uthenga ndauona. Kulemba kukundivuta ndiye ndilankhula.

Adadi 07:55
🎤 uthenga wa mawu 0:47
Mwanangu, usadzipweteke mtima. Chemo ija ine ndimaiopa, ndimangosowa pothawira, ndiye ndinathawira kwa iwe. Achemwali ako akuti ukufuna kusiya zolankhula zako za mawa. Ayi. Ukaime, ukawauze zimene wapeza, koma uziwauza zonse, ndi zimene simunapeze zomwe. Ukamaliza ubwere Loweruka. Undipeza.

Mzime 07:58
Adadi ndibwere lero chonde

Adadi 08:06
Loweruka.

Lachisanu

Mzime 12:37
Adadi ndamaliza. Ndawauza zonse ngati mmene munanenera. A professor akuti tipitirize, mwezi wa mawa tiyamba pa mbewa. Tikiti ndagula kale.

Mzime 12:52
Adadi?

Mzime 13:05
achemwali foni ya adadi ili ndi ndani?

Achemwali 13:21
ili ndi ine. usadikire Loweruka. kwera iliyonse imene ungaipeze, ukatsika undiimbire ine