Mbewa zouluka za ku Kasanka

Lachinayi, 21 Novembala

Mawa tikupita ku paki ya nyama ya Kasanka! Ine Lettie, bwenzi langa Mwenya, ndi Ba Felistus, alongo a bambo ake. Zaka zinayi ku yunivesite, zitatu ndikuphunzitsa sayansi, koma sitatunga, mphoyo ya m'madambo ija, ndimangoidziwa pa chithunzi.

Ndikusangalala, komabe pali nkhani. Mwenya waulula dzulo: akwawo sabweretsa mbale za chitomero kwathu ku Ngungu, kuno ku Kabwe, mpaka Ba Felistus atandiona ndi kuvomera. Zitenje ziwiri ndasita. Ndidzagwada, ndidzayankha mwaulemu, basi.

Lachisanu, 22 Novembala

Kapiri, Mkushi, Serenje. Mvula yowaza. Bowa waukulu ngati beseni m'mbali mwa msewu.

Ba Felistus anafunsa za kwathu. Ndinati agogo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pa mgodi. Iwo: "Ohoo, odya mbewa! Mwenya, ima patchire apo mnzako akumbe ndiwo." Ine: "Ayi mayo, ndakhuta." Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Chimbuya ndimachidziwa. Abemba, akwawo kwa Mwenya, ndi ife a Chinyanja kunyozana (ife odya mbewa, iwo odya anyani), kuwazana paudala pamaliro ndi paukwati, popanda wokwiya. Koma pakamwa panga sipanazolowere. Ndiponso awa ndi akulu.

Dzuwa likulowa, mileme. Sindikudziwa ndilembe bwanji. Inayamba ngati utsi pamwamba pa nkhalango, kenako thambo lonse bii, phokoso ngati msika. Ba Zacheus, otiperekeza, akuti ndi mamiliyoni, imabwera kudzadya masuku. Misozi inatsika yokha. Kumbuyo kwanga, Ba Felistus: "Lettie akulirira ndiwo! Mbewa zake zamera mapiko!" Ndinangomwetulira ngati chitsiru.

Loweruka, 23 Novembala

Sitatunga! M'bandakucha, tili pa nsanja pamwamba pa mtengo, nkhungu ili pa dambo. Yaimuna imodzi, zazikazi zitatu zofiirira. Ziboda zazitali zotambasuka, ikuyenda pa matope osamira, monga ndimauzira ana m'kalasi. Ndiye kuti sindinkawanamiza.

Masana kumtsinje, kadzidzi wogwira nsomba, wamkulu, wofiira ngati njerwa. Ndinayamba kumuona ndine, Ba Zacheus asanamuone! Akuti azungu ena amabwera katatu osamupeza. Ndinayenda ngati ndatalika.

Kenako ndikuanika thaulo kuseri kwa tenti, mawu a Ba Felistus kwa Mwenya: "Mwana ndi wabwino, koma ali ngati ofesi. Ndamuponyera nthabwala kanayi, sabweza. Mwina akutiona ngati sitinaphunzire."

Ine? Ine amene ndimayeserera moni pagalasi?

Lamlungu, 24 Novembala



M'mawa m'nkhalango, anchima asanu pa nthambi, ubweya wotuwa, michira yaitali. Ba Zacheus anati tikhale chete, anyani amenewa saoneka wamba. Ba Felistus anali atatenga magalasi anga oonera patali, kukamwa kuli yasa. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinanong'ona: "Mayo, pukutani malovu. Muno ndi mwa boma, mphika tausiya ku Kabwe."

Mwenya anayang'ana nsapato zake. Ndinati basi, chitomero chathera pano.

Ndiye chiseko! Ba Felistus anakhala pansi pa masamba onyowa, akumenya ntchafu. Anchima onse balala. Ba Zacheus anakwiya zenizeni, tinapepesa ngati ana a sukulu. Ba Felistus akupukuta misozi anati, "We mwana iwe, unabisa kuti mano amenewa?"

Njira yonse yobwerera nkhondo. Iwo mbewa, ine kolwe, dzina la nyani kwawo. Pa Mkushi ndinawagulira nthochi, ndinati akakolere nazo ndiwo. Anandimenya ndi mpukutu wa chitenje. Za mbale sanatchule. Mwenya akuti sakudziwa. Mwina ndinapitirira malire?

Loweruka, 7 Disembala

Masabata awiri osalemba. Mayeso, kuchonga, kudikira. Ana a giredi 10 sakukhulupirira za mileme, akuti ndinajambula ntchentche.

Akwawo kwa Mwenya akubwera lero, amayi akolopa kawiri. Atate avala jekete chikhalirecho kukutentha chonchi. Atsikana sayenera kuonekera lero, ndauzidwa kukhala kuchipinda. Paudala wa makanda ndagula dzulo, botolo lalikulu, lili pansi pa pilo.

Galimoto yaima. Pazenera ndikuona mbale zokutidwa ndi nsalu yoyera. Mawu aja a Ba Felistus pageti: "Odi kuno kwa odya mbewa! Bisani makasu, kwabwera anthu!"

Chivindikiro cha paudala chatseguka. Amayi andikhululukire, ndikutuluka!