Ababa Akudikira Papa Watsopano

Lolemba, 5 Meyi

Achipatala atibweza. Akuti mtima wa Ababa watopa, tikawasamalire kunyumba. Miyendo yatupa ngati mitondo. Amayi sanalire pamaso pawo, anakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Ababa sakuopa kufa. Akuopa kuikidwa popanda mwambo wa mpingo. Chiwayimitsireni masakramenti, ine ndisanabadwe, sanaphonyepo tchalitchi. Amakhala benchi yakumbuyo, anzawo akamapita kukalandira Ukaristia iwo n'kumayang'ana zipewa za anthu. Mlandu wake ndi Amayi. Ukwati wa kutchalitchi anamanga ndi a Eliness a kutsidya kwa mtsinje, Amayi ndi achiwiri. Ndiye kuti mlandu wake ndi inenso.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndinapita kwa a Herbert, akatekisiti athu kuno ku Ligowe. Ndinagwada, ndinawapempha aitane Bambo mfumu adzadzoze Ababa. Anandiyankha mofatsa, mpaka kundipatsa mpando. Akuti Bambo abwera, koma Ababa ayambe abwerera kunyumba ya mkazi wa ukwati. "Dorica, lamulo sindinalembe ine."

Ababa nditawauza anangoti: tidikire Papa watsopano. Akuti ulendo uno asankha wa ku Africa kuno, wodziwa mitala, woti mwina agogo ake omwe anali ndi nyumba ziwiri. Ameneyo amvetsa. Ndinati Ababa, ku Roma n'kutali. Anati wailesi imafika bwanji?

Lachitatu, 7 Meyi

Makadinala adzitsekera ku Roma kuti asankhe Papa. Ndagula mabatire. Utsi watuluka wakuda, sanasankhe.

Lachinayi, 8 Meyi

Masana wakudanso. Ababa apuma movutika tsiku lonse, wailesi ili pachifuwa. Ndikaichotsa amatsegula maso.

Dzuwa litangolowa, mabelu mu wailesi. Utsi woyera! Kutchalitchi kwathu anyamata anayamba kumenya chitsulo chija timachiyesa belu, azimayi a mphakati wathu wa mpingo nthungululu njira yonse. Ababa anati tiwadzutse. Tinawatsamiritsa kukhoma, Amayi mbali iyi, ine mbali iyo. Kudikira dzina kunatalika. Ndinapemphera ngati wamisala, ine amene ndinawauza kuti ku Roma n'kutali. Ndinati Ambuye, akhale wakuda, akhale wa kwathu, ndipo anene mawu amodzi okha.

Wa ku Amerika.

Ababa anafunsa, "Kumeneko mitala iliko?" Anati tizimitse, tisunge mabatire.

Lachisanu, 9 Meyi

Pamjigo nkhani ndi yomweyo. Wina akuti azungu apatsana okhaokha. Wina akuti iyayi, ameneyu anakhalitsa kwa amphawi, amadziwa matope. Amayi a Tikondane akuti ali ndi nkhope yachifundo, aiona pafoni ya mwana wawo. Onse osangalala, ngakhale a mipingo ina.

Ndinathamangiranso kwa a Herbert. Ndinati Papatu ananena za mtendere kwa anthu onse, ndinamva ndekha, onse! Kodi sizikusintha kanthu? A Herbert akuti ngakhale Papa atafuna kusintha, si za sabata ino. "Nanga bambo ako ali ndi masabata angati?"

Ndinatuluka osatsanzika. Mulungu andikhululukire, panjira ndinatukwana utsi.

Loweruka, 10 Meyi

Ababa akomoka m'mawa, atsitsimuka. Atatsitsimuka anati analota akuikidwa popanda nyimbo, anthu akungokwirira ngati akubzala chinangwa.

Amayi anandiitanira kukhitchini. Anati, "Ukabwereke ngolo kwa aneba athu a Dyson." Ndinati ya chiyani. Anati, "Ukudziwa." Ndinakuwa. Ndinati mwawasamalira zaka zonsezi, lero muwapereke ngati mbuzi? Kwa munthu amene sitilonjerana naye ngakhale pamaliro? Amayi anati, "Ndakhala nawo moyo wonse. Imfa yokhayi ndiwamane?"

Anapita okha kutsidya kukalankhula ndi a Eliness. Zimene anakambirana sindikudziwa. Anabwera maso ofiira, anangoti avomera.

Lamulungu, 11 Meyi

Kutchalitchi apempherera Papa ndi dzina latsopano, a Herbert mpaka analakwitsa n'kutchula lakale. Anthu anaseka. Ine sindinathe.

Masana tawakweza pangolo. Ababa anagwira chitenje cha Amayi, osasiya. Anati, "Edina, ukundithamangitsa?" Amayi anawamasula zala chimodzichimodzi. Anayenda pambuyo pa ngolo mpaka pamtsinje, n'kuima. Sindinacheuke. Ndikanacheuka ndikanabweza ng'ombe.

A Eliness anali atasesa, atayala mphasa yatsopano. Akalamba kuposa mmene ndinkaganizira. Anandiyang'ana n'kuti, "Wafanana nawo mphuno." Basi.

Lolemba, 12 Meyi

Bambo mfumu anabwera panjinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Ababa analapa, anadzozedwa, analandira. Ndinaona pakhosi pawo pakuyenda pomeza. Misozi inatsikira m'makutu. Ndimayesa ndisangalala. Ndinangoganiza za Amayi ali okha m'nyumba muja.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ababa adziipitsira pamphasa. A Eliness anatenthetsa madzi, Ababa anakana kuti awakhudze. Ine ndine mwana wamkazi, sindingathe. Ababa anatembenukira kukhoma, akuitana dzina limodzi lokha, la Amayi. A Eliness anakhala pakhomo, manja pamutu, mpaka madzi anazizira.

Kenako anadzuka, anamanga mpango, osandiuza kanthu. Ndinawaona akutsetsereka kumtsinje ndi ndodo yawo.

Abwera awiri. Amayi anaima pabwalo, akuopa kuponda khonde. Anati nanga a Herbert akamva? A Eliness anati, "Pakhomo pano ndi panga. Mlendo wanga ndimasankha ndekha."

Anatenthetsanso madzi. Beseni ananyamula a Eliness, nsalu anapatsa Amayi. Alowa onse, atseka chitseko. Ine ndili pakhonde. Ababa asiya kuitana.